Mboni ya Pakhomo pa a Kamphinda

A Bizwell Kamphinda atauzidwa kuti awasamutsira ku Chitipa, abale awo ku Dedza anabwera kudzawazonda ngati pagwa zovuta. Zaka zimenezo, chipani chili chimodzi, munthu wa boma akatumizidwa ku Chitipa anthu ankafunsana monong'ona kuti walankhula chiyani ndipo wamumva ndani. Koma a Kamphinda sanalakwe kanthu. Kukhoti laling'ono la ku Misuku kunkafunika mesenjala, ndipo dzina lawo ndi limene linali pafupi ndi cholembera. Ananyamuka ndi mkazi wawo Bessie, mwana wawo Laston ali kumsana, akuuza aliyense kuti akangokhalako zaka ziwiri. Laston anayamba kumeta ndevu ali komweko.

Ntchito ya mesenjala ndi miyendo, ndipo ku Misuku miyendo imadya thukuta lake. Nyumba umaiona ili apo, mwini wake n'kukupatsa moni mukumvana bwinobwino, koma kuti ukamugwire chanza uyenera kutsika chigwa, kuwoloka mtsinje, n'kukweranso mpaka mawondo atayamba kukutukwana. Boma linawapatsa njinga. Anaiyesa mwezi umodzi, ataona kuti iwo ndi amene akuinyamula m'malo moti iwanyamule, anaikoleka kudenga.

Chovuta sichinali mapiri okha. Masiku amenewo pepala la boma silinkabwera ndi zabwino kawirikawiri: ngati si msonkho ndiye khadi la chipani, ngati si khadi ndiye kuti dzina lako lamveka kwina. A Kamphinda ankafika pakhomo atavala kaki, chisamani chili m'manja, n'kupeza moto ukuyaka, nyemba zikuwira, koma owalandira agalu okha. Anazindikira msanga kuti Chichewa chawo cha ku Dedza, kukoma konse kuja, sichingatulutse munthu amene wabisala m'nthochi. Anayamba kutola Chisukwa, chinenero cha ku Misuku, lero mawu awiri, mawa atatu, ana akuwaseka, mpaka "Mwaghona" wawo, moni wa kumeneko, anayamba kuyankhidwa. Womasulira wakale wa khotilo atapuma, ntchito yomasulira inagweranso iwo, malipiro osasintha. Sanadandaule. Ntchito imeneyo anaikonda moti akanaigwira ngakhale yaulere, kungoti zimenezi sankazinena pamaso pa Bessie.

Anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Chisamani sankachitulutsa ali chiimire. Ankayamba avula kapusi, kukhala pansi, kufunsa za khofi ndi za odwala, akapatsidwa nthochi zophika n'kudya mpaka mbale kuyera. Pepala linkatuluka pamapeto, mwini nyumba mtima utakhala m'malo.

"Chisamani si unyolo," ankatero. "Ndi kuitana chabe, monga mnzako akuitanira kudima, kungoti uyu ukamukana amakwiya. Wosuma ndi amene walira. Woyankha ndi amene akuti wamuliza mnzake. Woweruza sanaone kanthu, anali kwawo, n'chifukwa chake akufuna mboni. Mboni siinalakwe ayi. Ukungobwereka boma maso ako tsiku limodzi, madzulo ubwerera nawo kwanu."

Apilo ankati ndi kukaliranso pakhomo lokulirapo. Belo ankati ndi kukagona kwanu mwendo umodzi utatsala kukhoti. Anthu ankaseka, ndipo munthu woseka sathawa. Mawu amodzi okha ndi amene sankachitira nthabwala: kulumbira. Akafika pamenepo nkhope inkauma, n'kunena kuti wolumbira waitana Mulungu kuti akhale pabenchi, ndiye asamuitanire bodza.

Mawu akukhoti ankafika nawo mpaka kunyumba. Bessie akachepetsa mchere m'ndiwo, iwo ankati achita apilo. Laston ali mwana akaswa chikho, ankamuuza kuti ali pa belo mpaka amake abwere kumunda. Bessie ankawayang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "Khoti lanu lizithera pamsewu, bambo a Laston. Muno woweruza ndine, ndipo kulibe apilo." Matendawa anafalikira mpaka kwa anansi, moti amayi akamakangana pachitsime mvula n'kuwabalalitsa, wina ankanena kuti mlandu waimitsidwa, upitirira mawa. A Kamphinda akamva zimenezi ankayenda monyadira. Anali ndi kamunda kawo ka khofi, mbuzi zingapo, ndiponso mpando wawo kutchalitchi umene aliyense ankaudziwa. Za ku Dedza ankazikamba pa Khirisimasi pokha.

Laston atakula n'kukhala kalipentala, anakonda mtsikana wa tsidya la chigwa, Eneless Nakayuni, mwana wa mayi wamasiye wotchedwa Nambughi. Ng'ombe za malowolo zinawawawa a Kamphinda, poti kwawo mkamwini amalipira ndi khasu, koma anapereka. Laston anamanga nyumba kumunsi kwa ya bambo ake, mtengwa n'kulowa. Apa mpamene mkulu uja anaphunzira kuti mwambo woumasulira m'khoti ndi wina, wokhala nawo pakhomo ndi winanso.

Ku Dedza nakonso kuli kuopana kwa apongozi, koma ndi kwa manyazi chabe, ana akabadwa kumayamba kuzizira. Ku Misuku si masewera. Mtengwa sayang'ana apongozi ake aamuna, saima pomwe angamuone nkhope, sawalankhula, ndipo dzina lawo silituluka pakamwa pake. Akakumana nawo panjira amalowa patchire n'kufunda nsalu kumutu mpaka adutse. Naonso apongoziwo ayenera kusunga mbali yawo: samuitana, samusuzumira. Mdzukulu anabadwa n'kuyamba kuyenda, a Kamphinda asanaonepo bwinobwino nkhope ya mayi wake. Chimene ankadziwa cha Eneless ndi nsonga ya chitenje ikuzimirira kuseri kwa nkhokwe, madzi ofunda opezeka kubafa osadziwa wawaika, ndi kaki wawo wositidwa mpaka mizere kuthwa. Ulemuwo unkawakomera, tisawanamizire. Koma mumtima ankamuyesa kamtsikana kamantha, kopanda mawu, ndipo nthawi zina ankamumvera chisoni Laston kuti amacheza ndi yani.

Ndiye kunabwera mlandu wa malire. Munda wa khofi wa Nambughi unkagundana ndi wa Safeli Mogha, pakati pali mzere wa nthochi umene malemu mwamuna wake anabzala. Mwamunayo atamwalira, nthochi zija zinayamba kuyenda. Zinakwera phiri zokha, n'kukaima pamwamba pa mizere iwiri ya khofi wa mayi wamasiyeyo, ndipo Safeli anayamba kuthyola khofiyo ngati wake. Khofi ameneyo ndi amene ankaphunzitsa ana aang'ono a Nambughi. Akuluakulu a m'mudzi anayesa kukamba, koma Safeli anali ndi kaudindo m'nthambi ya chipani, ndipo masiku amenewo munthu wotere akamakumba, odutsa onse ankakhala akuyang'ana mbalame. Nambughi anakasuma kukhoti.

Woweruza anali mkulu wina wa ku Zomba, wosalankhula zambiri, amene ankabwera kuchokera kuboma kamodzi pamwezi msewu ukalola. Atamva mbali zonse anafunsa ngati pali amene anaona nthochizo zikuzulidwa. Nambughi anati alipo mmodzi: mwana wake Eneless, amene tsikulo anapita kukamuthandiza kupalira, n'kupeza Safeli khasu lili m'manja. Woweruza anati mboniyo ibwere ulendo wotsatira, ikapanda kubwera mlandu autaya, munda ukhala momwe ulili. A Kamphinda anamasulira mawuwo m'Chisukwa bwinobwino, ndipo ali mkati momasulira anazindikira chimene akunena. Chisamani chinalembedwa n'kulowa m'chikwama chawo chomwe.

Lamulo linkati chisamani chiperekedwe m'manja mwa mwini wake, ndipo pa zaka zonse zija a Kamphinda anali asanabwezepo ngakhale chimodzi. Madzulo akudya anamuuza Bessie.

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero Bessie. "Ndipatseni ine ndikamupatse."

"Inu ndinu mesenjala?"

"Ndiye mutumeni Laston."

"Amake Laston, lamulo liposa mphamvu. Ndikavala kaki sindine mpongozi wa munthu, ndine boma. Boma lilibe mtengwa."

Bessie anatola mbale n'kunena kuti aona. Mkulu amene ankadziwa kukhala pansi pakhomo la mlendo mpaka mantha atatha, pakhomo pake anaiwala zonse. M'mawa mwake anavala kaki, kapusi pamutu, n'kutsikira kwa Laston ngati akupita kwa munthu wosamudziwa. Eneless anali pabwalo akupeta mawere, nkhope itayang'ana kwina. A Kamphinda anaima, n'kutulutsa liwu lija ankaitanira anthu pakhomo la khoti.

"Eneless Nakayuni!"

Munthu akaitanidwa dzina amacheuka asanaganize. Eneless anacheuka, ndipo maso awo anakumana. Lichero linagwa, mawere n'kumwazika, nkhuku n'kuthamangira. Anakokera chitenje kumutu n'kuthawira m'nthochi osalira n'komwe. Pomwe dzuwa limapendeka anali atawoloka chigwa kupita kwa amake, mwana ali kumsana.

Laston anakwera kwa bambo ake. Anali mwana waulemu, sanakweze mawu. "Ababa, akuti sangabwererenso pakhomo pomwe amuvula ulemu anthu akuona. Kukhotinso akuti sapita, poti mukakhala muli momwemo. Ine ndakulira kuno, mkazi wanga ndi wakuno. Munafuna kuti nditani?"

A Kamphinda anaweramitsa mutu. Anachita manyazi kwambiri. Chisamani chinali chikadali m'thumba, mtengwa wathawa, mdzukulu wapita, ndipo munda wa mayi wamasiye unali kupita kwa Safeli chifukwa cha pakamwa pawo. Masiku otsatira madzi akubafa ankawatenthetsa Bessie, ndipo ankaonetsetsa kuti ndi ofunda pang'ono chabe.

"Boma lija lilibe mtengwa," Bessie ankatero akuika ndowa pansi. "Lisambe."

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, a Kamphinda anavala jekete lawo lakale, kaki n'kumusiya pamsomali. Bessie ananyamula tambala, n'kutsika onse chigwa chija. Atayandikira kwa Nambughi anaima patali kuti amene afuna kubisala abisale, ndipo anamvadi chitseko chikutsekedwa. Nambughi anawayalira mphasa kunja, anapatsana moni wautali wa kumeneko, wofunsa mpaka mbuzi. Kenako a Kamphinda analankhula m'Chisukwa chawo chonse, mutu uli pansi, akumuitana monga amaitanirana anthu amene ana awo anakwatirana.

"Asewele, ndabwera ngati woyankha mlandu. Mboni sizikufunika, ndikuvomera. Ndinaitana amene sindiyenera kumuitana, ndinaona amene sindiyenera kumuona. Chigamulo chili ndi inu."

Nambughi anawasiya adikire pang'ono, monga ayenera kuchitira munthu wolakwiridwa. Kenako anati tambalayo walandiridwa, poti mlendo ngakhale akhale zaka zingati phazi lake limaterereka penapake. Koma za kukhoti anapukusa mutu. Anati iye angalole munda upite kusiyana n'kuti mwana wake akaime pamaso pa apongozi ake anthu a Misuku yonse akuonerera.

A Kamphinda anapempha kuti atembenuze mpando. Anafulatira nyumbayo, n'kuyang'ana nthochi za kumapeto kwa bwalo, n'kukweza mawu pang'ono kuti apyole chitseko.

"Ndikulankhula ndi nthochizi," anatero. "Inu nthochi, mverani. Mboni siinalakwe. Mboni simangidwa, silipitsidwa. Imanena zimene maso anaona, basi, n'kubwerera kwawo. Koma mboni ikakhala chete, wakuba amasanduka mwini munda, ndipo lamulo limamuteteza ngati anabzala yekha. Pali pepala pano limene liyenera kufika m'manja mwa mwini wake. Ndaliika pamwalawu. Ine maso anga ali kunthochi, ndipo sachoka kumeneko."

Panapita nthawi. Bessie anayamba kukamba ndi Nambughi za nyemba, ngati palibe chikuchitika. Kenako chitseko chinalira, mapazi anayenda mofewa kumbuyo kwawo, pepala linakhwekhwereza, mapazi n'kubwerera. A Kamphinda anayang'anitsitsa nthochi zija mpaka khosi kuuma. Nambughi analowa m'nyumba, kunamveka manong'onong'o, n'kutuluka ndi yankho.

"Akuti nthochi zamva. Akuti apita, akalankhula zonse, koma pokhapokha pakati pa iye ndi apongozi ake pali khoma. Mawu odutsa pakhoma alibe mlandu, ngakhale kunyumba amadutsa. Maso ndiwo ayi."

Apa ndiye panali mfundo. Womasulira wolumbira pakhotilo anali mmodzi, a Kamphinda. Kalaliki anali mnyamata wa ku Mulanje amene Chisukwa chake chinkathera pa moni. Akuluakulu awiri a kumeneko amene ankakhala pambali pa woweruza ankamva Chichewa koma kuchilankhula chinkawathawa, ndipo aphunzitsi onse amene a Kamphinda anawapempha anapezeka kuti tsiku limenelo adzakhala ndi chimfine. Palibe ankafuna kuika pakamwa pake pa mlandu wa munthu wa chipani.

Tsiku la mlandu linafika mvula itayamba kale. Galimoto ya woweruza inakwera phiri movutikira, matope mpaka m'magalasi. A Kamphinda anamutsatira m'kachipinda kake, kapusi ili m'manja, n'kufotokoza zonse, osabisa ngakhale kupusa kwawo. Anapempha kuti amasulire ali panja, kuseri kwa zenera limene linali pafupi ndi poimira mboni.

Woweruza anavula magalasi. "A Kamphinda, khoti si chinamwali."

"Ndi zoona, bwana."

"Ndipo mboniyo ndi mtengwa wanu. Mukapotoza mawu ake ndidziwa bwanji?"

"Akuluakulu awiriwo amva zonse, bwana. Ndikakhotetsa ngakhale pang'ono andigwire pomwepo."

Woweruza anaganiza, akupukuta magalasiwo ndi tayi. Anati buku lake limanena kuti womasulira amve ndiponso amveke, koma silinena kuti aime pati. "Mukavumbwa musadzasumire boma," anatero.

Choncho kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Misuku, khoti linakhala a Kamphinda ali kunja. Anaima chofulatira khoma, khutu lili pazenera, maso ali kumapiri amene anali atakutidwa ndi nkhungu. Denga la khotilo linali ndi khonde lalifupi, moti madzi ochokera pamalata ankagwera ndendende pamapewa awo. Dzina la mboni analiitana kalaliki. Kunamveka anthu akusuntha pamabenchi.

A Kamphinda ananena mawu a lumbiro m'Chisukwa, akuyang'ana mvula. Liwu limene linawabwereza kuchokera mkati linawadzidzimutsa. Ankayembekezera kaliwu konjenjemera, kofuna kutchera khutu. Ili linali liwu lokhazikika, lomveka mpaka kubenchi lakumbuyo, la munthu amene sakupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Woweruza anafunsa dzina, anayankha. Anafunsa kuti anakwatiwa kwa yani. Liwu lija linati, "Kwa mwana wa amene ali kuseri kwa khomawa." Anthu anaseka chapansipansi, ndipo a Kamphinda anamasulira momwemo, osawonjezera dzina. Woweruza analemba yekha dzinalo.

Eneless anafotokoza zonse mwadongosolo. Anati anafika kumunda mame asanaume, anapeza Safeli atazula kale nthochi zina, zina akuzikumbira maenje kumtunda. Anatchula mtengo umene malire akale ankayambira ndi mwala umene ankathera. Anati maenje akalewo Safeli anawafotsera ndi udzu, koma nthochi siichoka yonse, ana ake akuphukanso pomwepo, amene akufuna akaone. A Kamphinda ankatembenuza mawuwo m'Chichewa mmodzimmodzi, akunena kuti "ndinafika", "ndinaona", monga womasulira amachitira, madzi akutsikira m'khosi mpaka kumsana.

Itafika nthawi yoti Safeli afunse mafunso, anaimirira ndi mwano wake wonse. Anafunsa kuti mkazi amene amayenda atafunda nsalu kumutu angaone bwanji munthu ali patali.

"Nsalu ndimafundira anthu oyenera ulemu," Eneless anayankha. "Tsiku limenelo kumunda kunalibe wotero, ndiye ndinaona bwino."

Khoti lonse linaphulika, mpaka woweruza anamenya tebulo asanamve n'komwe tanthauzo lake. A Kamphinda anadziluma mlomo kuti amasulire osaseka. Mumtima ankadzifunsa kuti munthu wotereyu wakhala pakhomo pawo nthawi yonseyi, iwo n'kumamuyesa kamwana kamantha. Anamumvera nsanje Laston, amene ankamva zoterezi tsiku lililonse.

Safeli ataona kuti zamuthina anatembenukira kwa woweruza, n'kulankhula Chichewa chake cha pamsonkhano. "Bwana, ine nili na dandaulo. Uyu mboni na uyo womasulira ni nyumba imodzi. Wamuphunzitsa zoyowoya. Usiku wonse amakhala pamodzi kupanga mawu."

Akuluakulu awiri aja anang'ung'udza, poti mawu amenewo kwa anthu a kumeneko anali chitonzo chachikulu. Koma woweruza anati funsolo ndi loyenera, ndipo liyankhidwe. Anauza a Kamphinda kuti afunse mboniyo ngati apongozi ake anaiuza zoti inene. A Kamphinda anafunsa.

Eneless anayankha motalika ndithu, mosathamanga. Atamaliza, kuzenera sikunachoke mawu.

"A Kamphinda," anaitana woweruza. "Yati chiyani mboni?"

"Akuti palibe anawauza zonena, bwana."

"Yalankhula zambiri kuposa pamenepo. Munalumbira inunso."

A Kamphinda anapukuta madzi a mvula kumaso. Zaka zonsezi anamasulira matemberero, maliro, zachigololo, osaphethira. Apa anayamba kawiri, liwu likukana. Kachitatu anakwanitsa, akuyang'anabe mapiri.

"Chilowereni pakhomo pawo sanandilankhulepo, inenso sindinawalankhulepo. Anandiitana kamodzi kokha, ndipo ndinathawa. Munthu wamkulu ngati ameneyo akanatha kunena kuti mwana wachita mwano, aliyense akanawavomereza. Koma anawoloka chigwa kudzapepesa kwa ine, mwana. Lero aima pamvula kuti ine ndisachite manyazi. Bambo anga ondibereka anagona kumanda, ndipo ndinkati ndilibenso wondiimira. Ndinalakwitsa. Bambo ndili nawo, ali panjapo."

Woweruza anayang'ana akuluakulu aja, onse awiri anagwedeza mutu kuti mawu ndi omwewo. Analemba kwa kanthawi. Kenako anati mvula ikakata khoti likaona maenje ndi mphukira zimene mboni yanena, koma kufikira tsikulo Safeli asapondenso m'mizere iwiri ija, ndipo khofi wake athyole ndi Nambughi. Aliyense m'chipindamo, ngakhale Safeli yemwe, ankadziwa chimene khoti likapeze kumundako. A Kamphinda anamasulira chigamulocho ndi liwu lawo lakale, lokwera, ngakhale mphuno inali itatsekeka.

Anthu anayamba kutuluka. A Kamphinda anatembenukira kukhoma, mphumi pafupi ndi njerwa, kuti mtengwa wawo adutse momasuka. Anamva mapazi ambiri akuponda matope, ena akuwapatsa moni kumsana, ena akuseka za nsalu ija. Kenako mapazi ena ofewa anafika kumbuyo kwawo n'kuima. China chake chinatsamiritsidwa pakhoma pafupi ndi mwendo wawo, mapaziwo n'kupitirira. Atayang'ana pansi anaona tsamba lalikulu la nthochi, lija anthu a kumeneko amafunda pamvula, phesi lake likadali lofunda pomwe linagwiridwa.

Analitola n'kulifunda, ngakhale panalibenso chouma choti atchinjirize. Panjira ya pakhotipo pali mphambano: ina imatsika chigwa kupita kwa Nambughi, ina imakwera kwa a Kamphinda. Ankafunitsitsa kucheuka kuti aone, koma anauma khosi, maso pa njerwa, mpaka anamva Bessie ataima pambali pawo.

"Amake Laston," ananong'ona, "walowera njira iti?"

Bessie anawasiya adikire pang'ono, poti mkazi ameneyu sankataya mwayi wotere.

"Yakwathu," anatero. "Tiyeni pang'onopang'ono, bambo a Laston. Mulekeni akafike kaye."